Kalata yotseguka: tetezani madambo ndi malo a udzu a Mzuzu asanatheretu

Kwa olemekezeka a Meya ndi makhansala a mzinda wa Mzuzu, akuluakulu oona za malo ndi mapulani a mzinda, akuluakulu a zankhalango, zamadzi ndi zachilengedwe m'chigawo cha Kumpoto, komanso mafumu athu onse.

Ndikupereka moni mwaulemu kwa inu nonse, mabwana ndi madona. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito. Ndinaphunzitsa sayansi ya zamoyo ndi zaulimi m'masukulu a sekondale, ndipo ndakhala mumzinda uno kuyambira nthawi imene madambo a pakati pa malokeshoni athu anali udzu wokhawokha. Ndalemba poyera kuti amayi omweta udzu, oweta ng'ombe, oumba njerwa, aphunzitsi ndi ana asukulu awerenge nawo, chifukwa nkhaniyi ndi yawonso.

Ndikudziwa kuti pamatebulo panu padzaza nkhani za misewu, misika, zinyalala ndi misonkho. Komabe ndikupempha kuti mundimvereko pa nkhani ya udzu. Dandaulo langa ndi lakuti malo a udzu, kaya ndi dambo la pakati pa mzinda kaya ndi zitunda za Viphya, akutengedwa ngati malo ongokhala amene akudikira kuti wina amangepo, akumbepo kapena abzalepo bulugamu. Pamene pagwa mtengo anthu amadandaula, nyuzipepala zimalemba, apolisi amagwira matumba a makala. Pamene dambo lathunthu lakwiriridwa ndi dothi, palibe amene amayesa kuti pawonongeka kanthu.

Ndiloleni ndiyambe ndafotokoza zimene zili m'dambo, popeza zonse zimene ndikupempha zachokera pamenepo.

Munthu akaima pamsewu n'kuyang'ana dambo amangoona kubiriwira kumodzi. Akatsika n'kuyenda kuchokera kumtunda kulowera kumadzi, amaona kuti zomera zikusintha pa mtunda waufupi kwambiri. M'mphepete, pamene mitengo ya mombo ndi masuku imathera, dothi ndi lamchenga ndipo limauma msanga. Apa ndi pa tsekera ndi maudzu ena aatali ofolera nyumba. Akatsikako pang'ono amafika pamene madzi a pansi amatulukira, pa dothi lakuda lonyowa pafupifupi chaka chonse. Udzu wa apa ndi waufupi, womera motalikirana, ndipo m'mipata yake ndi mmene mumabisala mitundu yambiri: maluwa a chinaka amene zibulumwa zake timapangira ndiwo, maluwa a mizu yonga anyezi, ndi tizomera tating'ono tofiira ta masamba omata timene timagwira tizilombo n'kumatidya, chifukwa dothi lonyowalo lilibe chakudya chokwanira. Pakati penipeni, pamene madzi amaima, pali mlulu ndi bango. Pachulu pamamera zitsamba ndi timitengo timene sitingapirire madzi a pansi. Dambo lili ngati mudzi wakale umene banja lililonse lili ndi mbali yake, ndipo ukagwetsa mbali imodzi mudzi wonse umamva.

Zimene zimaoneka pamwamba ndi gawo lochepa chabe. Zomera zambiri za m'malo a udzu zimasunga moyo wake pansi pa nthaka. Zina zili ndi zibulumwa za chakudya, zina zili ndi tsinde lonse la mtengo lokwiririka, kunja kukungotuluka timphukira tofika m'bondo. N'chifukwa chake moto ukadutsa, palupsa pamatuluka maluwa mvula isanagwe n'komwe. Chilala ndi moto zomerazi zinazolowera. Chimene sizingapirire ndi khasu, thirakitala ndi mthunzi. Mu 2020 akatswiri ena anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa m'maiko ambiri ndipo anapeza kuti malo a udzu amene anawonongedwapo kenaka n'kusiyidwa kuti amerenso amakhala ndi mitundu ya zomera yochepa ndi 37 pa 100 iliyonse poyerekeza ndi malo amene sanakhudzidwepo. Anapezanso kuti pamafunika zaka zosachepera 100 kuti malo otere abwerere mwakale. Udzu umameranso msanga ndithu, koma womerawo ndi nansongole, kapinga ndi chisoso. Mitundu ija ya m'mipata sibwerera m'moyo wa munthu amene anailima.

Ndipo ife a kuno sitikukamba za chuma chaching'ono. Mzinda wathu uli pa mapiri a Viphya, ndipo kumpoto kwathu kuli Nyika, paki yosungira zachilengedwe (national park) yoyamba m'dziko muno, imene inakhazikitsidwa mu 1965 n'kukulitsidwa mu 1978 kufika ma sikweya kilomita oposa 3,000. Akatswiri analemba mitundu ya zomera yoposa 1,800 pa Nyika, ndipo mwa iyo mitundu yoposa 200 ndi ya banja la chinaka. Ina sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Yambiri mwa mitunduyi imakhala poyera, pakati pa maudzu amene asayansi amawatcha Loudetia simplex, Themeda triandra ndi Exotheca abyssinica. Mbidzi, nchefu ndi chilembwe zimadya pamenepo. Namzeze wabuluu, mbalame yosowa imene imauluka kuchokera kumadera a nyanja ya Victoria, imabwera kudzaswera m'maenje a m'malo a udzu omwewa. Madambo a mumzinda muno ndi zitunda zotizungulira ndi abale ake a malo amenewo, kungoti alibe mlonda.

Dandaulo langa loyamba ndi la nyumba m'madambo.

Kalembera wa 2008 anapeza anthu pafupifupi 134,000 mumzinda uno. Wa 2018 anapeza oposa 221,000. Anthu onsewa akufuna pogona, ndipo malo ouma akwera mtengo. Wosauka akasowa pogwira amatsikira kudambo, amene ali ndi ndalama amabweretsa magalimoto a dothi n'kukwirira, kenaka amazunguliza mpanda wa njerwa. Ndani amagawa malowa, ndipo ndi chilolezo cha yani, inu ndi amene mungatiuze. Ife timangoona zikhomo zikutsikira kumadzi chaka ndi chaka.

Ntchito ya dambo ndi kulandira madzi a mvula, kuwasunga m'mizu ndi m'dothi lakuda lija, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono mpaka chilimwe. Likakwiriridwa, mvula imagwabe chimodzimodzi, ndipo madzi amafuna njira ina. Tonse tikukumbukira Epulo wa 2016, pamene mvula yosalekeza inagwetsa nyumba mumzinda uno, anthu anafa ndipo mabanja ambiri anakasungidwa m'misasa. Amene anavutika kwambiri ndi okhala m'malo otsika ndi m'mphepete mwa zitunda. M'madera onga Salisbury Lines madzi ali pafupi kwambiri ndi nthaka, moti nthawi ya dzinja chimbudzi chokumba ndi chitsime zimamwa madzi amodzi. Ana ndi amene amayamba kutsegula m'mimba. Sindikupempha kuti mukagwetsere anthu nyumba usiku. Ambiri anapita kumeneko chifukwa cha kusowa. Ndikupempha kuti madambo amene atsala asapatsidwenso munthu, ndipo amene ali pangozi yeniyeni apatsidwe malo ena oti angathe kulipira.

Dandaulo lachiwiri ndi limene limandipweteka kwambiri, chifukwa amene amawononga amakhala ndi mtima wabwino. Ndi la kubzala mitengo pamalo osayenera.

Chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo dziko lathu limabzala mitengo. Mu 2016 Malawi analonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika 2030. Ine ndimagwirizana ndi ntchitoyi ndi mtima wonse. Amene waona mmene nkhalango ya Kaning'ina, imene imateteza madzi a damu la Lunyangwa, ikuvutikira ndi nkhwangwa za owotcha makala sangatsutse kubzala mitengo. Vuto limabwera pamene gulu lalandira mbande, lapatsidwa chiwerengero choti likwaniritse, ndiye likufuna malo ofewa, onyowa, opanda zitsa, oti maenje akumbike msanga ndipo mbande zigwire. Malo otero ndi dambo ndi chitunda cha udzu. Tsiku lobzala pamakhala nyimbo ndi zithunzi, lipoti limati mitengo yakutiyakuti yabzalidwa, ndipo palibe amene amalemba kuti pansi pake panali chiyani.

Zomera za m'malo a udzu zimafuna dzuwa lathunthu. Paini ndi bulugamu zikakula n'kutseka pamwamba, pansi pamakhala mdima ndi masamba owola, ndipo mitundu yambirimbiri imafa mwakachetechete. Mitengoyi imamwanso madzi chaka chonse ndi mizu yake yakuya, pamene udzu umauma m'chilimwe n'kusiya madzi m'nthaka. Anzathu a ku South Africa anayeza zimenezi kwa zaka zambiri. Ku Cathedral Peak anabzala paini pa mapiri a udzu n'kumayeza madzi a m'mitsinje, ndipo madzi anachepa. Lamulo lawo la madzi la 1998 limati wofuna kubzala nkhalango ya malonda ayambe watenga chilolezo cha madzi, chifukwa nkhalango yotero imachepetsa madzi oyenda m'mitsinje. Agogo athu akumudzi anadziwa kale zimenezi popanda choyezera. Amati usabzale bulugamu pafupi ndi kasupe.

Chitsanzo tili nacho pakhomo. Nkhalango ya Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, inakulitsidwa kuyambira m'ma 1960 ndi cholinga chodyetsa fakitale ya mapepala imene sinamangidwe. Yapereka matabwa ndi ntchito kwa anthu ambiri, ndipo sindikunyoza zimenezo. Koma mbali yaikulu inabzalidwa pa malo a udzu a Viphya. Lero dutsani pamsewu wa M1 pamene mitengo inadulidwa n'kupsa, muone chimene chamera. Ku Chelinda pa Nyika, paini wa mtundu wa Pinus patula amene anabzalidwa m'ma 1950 akufesa yekha mbewu zake m'malo a udzu, ndipo ndi ntchito yaikulu kumuzula.

Pali chikhulupiriro chakuti paliponse pamene pali udzu panali nkhalango kale, anthu n'kuiwononga ndi moto. M'malo ena n'zoona. Koma ku Nyika akatswiri anakumba dothi lakuda la m'madambo n'kuyeza mungu wa zomera umene unasungika m'menemo, ndipo anapeza kuti udzu wakhala ukulamulira mapiriwo kwa zaka pafupifupi 12,000. Mitundu ya maluwa imene ipezeka pa Nyika pokha sikanakhalapo chikhala kuti udzuwo unabwera dzana. Choncho tisanakumbe dzenje la mbande, pakhale munthu wodziwa amene anene kuti pano panali nkhalango, tibzale, kapena pano ndi pa udzu wachikhalire, tisiye. Ndipo lipoti la kubwezeretsa chilengedwe liziwerenganso dambo limene latetezedwa, kuti gulu limene lasunga dambo lisaoneke ngati silinagwire ntchito.

Lachitatu ndi la njerwa ndi mchenga. Dothi la m'mphepete mwa dambo ndi limene oumba njerwa amalikonda chifukwa madzi ali pafupi. Amachotsa dothi la pamwamba pamodzi ndi mizu yonse, amasiya maenje amene amadzaza madzi n'kumaswa udzudzu, ndipo ana amagweramo. Uvuni wake umadyanso nkhuni za m'nkhalango zathu. Okumba mchenga nawo amazamitsa mitsinje, ndipo mtsinje ukazama umakoka madzi a dambo lonse mpaka pamene panali ponyowa pauma. Kuyambira 2018 pali malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zamalonda. Anyamata oumbawa akufuna chakudya ngati tonsefe. Apatseni malo odziwika, muwathandize kuphunzira njerwa za simenti ndi zadothi lotsendera, ndipo wokumba aliyense azikwirira dzenje lake.

Lachinayi ndi la moto.

Apa ndikufuna ndilankhule mosamala, chifukwa uthenga umene timamva pawailesi ndi wakuti moto wa tchire ndi woipa, basi. Malo a udzu amafuna moto, koma wa panthawi yake. Akakhala zaka zambiri osapsa, udzu wakale umagwa n'kuphimba pansi, tizomera ta m'mipata timasowa kuwala, ndipo zitsamba zimalowerera. Tsiku limene moto udzabwere umapeza zouma zochuluka n'kuyaka mosagwirika. Komanso akamapsa chaka chilichonse mu Okutobala kapena Novembala, dzuwa lili phwee ndi mphepo yamphamvu, moto umalowa m'timagulu ta nkhalango ta m'makhwawa, umapha mitengo ya m'mphepete, ndipo nthaka imakhala pambalambanda mvula yoyamba ikamagwa. Dambo limene linaumitsidwa ndi ngalande limatha kupsa ngakhale dothi lake lakuda lija. Ku Nyika oyang'anira amatentha zigawo zina kumayambiriro kwa chilimwe, udzu usanaumitsitse, kuti moto wa mochedwa usapeze njira. Nzeru imeneyi mafumu athu anali nayo kale.

Lero moto umayatsidwa ndi aliyense: wosaka mbewa, wofuna msipu wa ng'ombe, wososa m'munda, wokwiya ndi bwana wake. Amene amalira ndi mayi amene amadikira Juni ndi Julaye kuti amwete tsekera wofolera nyumba yake ndi wogulitsa, n'kupeza patsala phulusa. Mtolo wa udzu ndi sopo, ndi mchere, ndi makope a mwana. Alimi a njuchi nawo amataya ming'oma ndi maluwa amene njuchi zimadalira. Kuletsa moto ndi pakamwa pokha kwalephera. Chofunika ndi kugwirizana mudzi ndi mudzi kuti chigawo chiti chipsa liti, ndipo omweta udzu ayambe amaliza.

Lachisanu ndi la chinaka. Ndiwo imeneyi timaikonda, ndipo amayi ambiri, makamaka amasiye, amalera ana ndi ndalama ya chinaka. Zibulumwa zake zimachokera ku maluwa a mitundu ya Disa, Satyrium, Habenaria ndi ina, amene amamera m'madambo ndi m'mapiri a udzu. Kale ankakumba zodya pakhomo. Tsopano ndi malonda a matumba, ena mpaka kuwolokera ku Zambia kumene amachitcha chikanda ndipo chili ndi msika waukulu. Ukakumba chibulumwa chonse wapha chomeracho, ndipo ukachikumba njere zisanakhwime wapha ndi ana ake omwe. Njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi, zilibe chakudya chake, ndipo sizimera pokhapokha zitakumana ndi mtundu wina wa bowa wa m'nthaka. N'chifukwa chake munthu sangangozifesa m'dimba monga amafesera mpiru. Okumba okha amanena kuti masiku ano amayenda mtunda wautali kuposa kale. Ku Tanzania vuto lomweli linathandiza kuti boma likhazikitse paki yosungira zachilengedwe ya Kitulo mu 2005, makamaka pofuna kuteteza maluwa. Ife sitingatseke dambo lililonse, ndipo kuthamangitsa amayi pamsika sikungabwezeretse duwa ngakhale limodzi. Koma tikhoza kukhala nawo pansi n'kugwirizana za nyengo yokumba, za kusiya zomera zina pamalo aliwonse, ndi za kupumitsa madambo mosinthanasinthana.

Lachisanu ndi chimodzi ndi la zomera zobwera zimene zikulanda malo: lantana m'mphepete mwa misewu ndi mitsinje, deliya amene amakuta paliponse pamene dothi latembenuzidwa, ndi mbande za paini zomera zokha. Ku Nyika chomera cha Pteridium aquilinum, chimene ambiri amachidziwa kuti bracken fern, chikufalikira m'malo odyera nyama. Chilichonse mwa izi chikakhazikika, pamalo pamene panali mitundu yambiri pamatsala umodzi. Kuzula zikadali zochepa n'kotsika mtengo.

Chomaliza mwa madandaulo anga ndi chakuti tikutaya zinthu zisanalembedwe. Mumzinda muno muli Mzuzu University imene imaphunzitsa zankhalango ndi zachilengedwe, muli malo a kafukufuku wa zaulimi a Lunyangwa, muli munda wa zomera wa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi. Anthu odziwa alipo. Ntchito yowerenga zomera za m'malo a udzu sifuna makina odula. Pamafunika chingwe, zikhomo, kope ndi munthu wodziwa mayina. Mumayeza kabwalo ka mita imodzi mbali zonse, mumalemba mtundu uliwonse umene uli m'katimo ndi kuchuluka kwake, kenaka mumabwereza pa mzere wochokera kumtunda mpaka kumadzi. Mumachita zimenezi moto ukangodutsa komanso pakati pa dzinja, popeza maluwa ena amaoneka milungu yochepa chabe. Mukabwerera pamalo omwewo chaka ndi chaka mumadziwa ngati dambo lili moyo kapena likufa, madzi asanaphwe m'zitsime. Ana a sekondale amaikonda ntchitoyi, ndinaona ndekha. Mwana amene wawerenga mitundu ya zomera m'kabwalo kamodzi sadzatchulanso dambo kuti thengo lopanda ntchito. Ndipo pali agogo, asing'anga ndi abusa a ng'ombe amene amadziwa mayina a zomerazi m'Chitumbuka, m'Chitonga ndi m'Chichewa, pamodzi ndi ntchito zake. Iwowa akutha, ndipo akupita nazo.

Mphamvu zochitira zonsezi muli nazo kale. Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino limalamula boma kusamalira chilengedwe ndi kuteteza mitundu ya zamoyo ya Malawi. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti chitukuko chachikulu chisanayambe paunikidwe mmene chidzakhudzire chilengedwe ndi anthu. Dziko lathu linavomera kale kuti madambo ndi ofunika pamene linalembetsa nyanja ya Chilwa mu 1996 ndi Elephant Marsh mu 2017 pa mgwirizano wa maiko woteteza madambo wotchedwa Ramsar. Madambo a Mzuzu ndi aang'ono poyerekeza ndi amenewo, koma madzi ake amatsikira mu Lunyangwa, kulowa mu Kasitu, kukafika mu South Rukuru mpaka kunyanja. Zimene tichita kuno kumtunda zimafika kwa anthu a ku Ekwendeni ndi kupitirira.

Choncho, mwaulemu, ndikupempha izi:

1. Jambulani mapu a madambo onse ndi malo a udzu wachikhalire amene atsala mumzinda ndi m'malire ake, muike zikhomo zooneka, ndipo mapuwo apachikidwe ku ofesi ya khonsolo, m'misika ndi kwa mafumu kuti wogula malo adziwiretu asanapereke ndalama zake.

2. Imitsani kugawa, kugulitsa ndi kukwirira malo m'madambo mpaka mapuwo atatuluka. Lamuloli ligwire wolemera ndi wosauka mofanana. Kwa mabanja amene ali kale m'malo osefukira madzi, pezani malo ena pamtengo woti angakwanitse ndipo mukambirane nawo nyengo ya mvula isanafike.

3. Gulu lililonse lofuna kubzala mitengo, kaya ndi sukulu, mpingo, kampani kapena bungwe, liziyamba laonetsa malo kwa mlangizi wa zankhalango. Bulugamu ndi paini zisabzalidwe m'dambo, pakasupe kapena pa udzu umene sunalimidwepo. Mbande zipite kumene nkhalango inadulidwa, monga ku Kaning'ina, ndipo zikhale za mitengo yachilengedwe ya kumeneko. Dambo lotetezedwa lilembedwe m'malipoti monga ntchito yobwezeretsa chilengedwe.

4. Patulani malo a oumba njerwa ndi okumba mchenga kutali ndi madambo ndi magombe a mitsinje.

5. Mothandizana ndi mafumu ndi makomiti a m'midzi, konzani ndondomeko ya moto ya chaka chilichonse: zigawo zotentha msanga, zigawo zopumitsa, njira zotchinga moto kuzungulira timagulu ta nkhalango, ndi tsiku limene omweta udzu ayenera kukhala atamaliza. Ilengezedwe pawailesi za m'dera lino m'Chitumbuka ndi m'Chichewa.

6. Itanani okumba ndi ogulitsa chinaka pamodzi ndi akatswiri a zomera kuti apange okha malamulo a kakumbidwe, ndipo muthandize kafukufuku wa mmene maluwawa angachulukitsidwire.

7. Ikani kandalama mu bajeti ya chaka chamawa koti ophunzira a ku yunivesite ndi a m'masekondale akhazikitse timabwalo towerengera zomera m'madambo angapo a mumzinda, alembe mayina a makolo pamodzi ndi a sayansi, ndipo zotsatira zake ziziwerengedwa pa msonkhano wa khonsolo chaka ndi chaka. Magulu omwewo angathe kuzula lantana ndi paini womera yekha pamalo amene akuwerengapo.

8. Sankhani dambo limodzi losawonongeka kwambiri pafupi ndi mzinda, mulitchinjirize ndi lamulo la khonsolo kuti likhale malo ophunzirira, omweta udzu azimwetabe panthawi yake.

Pempho loyamba, lachiwiri ndi lachitatu ndi achangu, chifukwa nyengo yobzala mitengo ikubwera ndipo magalimoto a dothi sakudikira. Ndikupempha kuti mutiyankhe poyera, pawailesi kapena pamisonkhano ya m'mawodi, tsiku la 15 Disembala lisanafike, mutiuze zimene mungachite msanga, zimene zifuna nthawi, ndi zimene mwakana pamodzi ndi zifukwa zake. Kwa anzanga owerenga, ngati pafupi ndi kwanu pali dambo limene likukwiriridwa kapena kubzalidwa bulugamu, kauzeni khansala wanu ndi mfumu yanu, ndipo mupatseko ena kalatayi. Ine ndi aphunzitsi anzanga opuma tili okonzeka kuyenda ndi ogwira ntchito anu m'madambomo ndi kuphunzitsa ana kawerengedwe ka zomera popanda malipiro.

Zikomo kwambiri chifukwa cha nthawi yanu.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Mzuzu